Kapulagi Kopsa M'thumba mwa a Muhariwa

Amene anandilakwira ine ndi a Muhariwa, malume a mkazi wanga, amene tinawaika m'manda mwezi watha kuseri kwa Limbuli, kumunsi kwa minda ya tiyi. Anandilakwira chonchi: anandilowera m'nyumba masanasana osaodira, anadula mawaya a makina anga ndi pulayala, anatenga kapulagi kanga n'kukaponya m'thumba la jekete, kenako anandipatsa dzina pamaso pa mkazi wanga, apongozi anga ndi amayi a m'mudzi. Dzinalo ndi Pserezani. Ine dzina langa ndi Layisoni. Koma pitani pa Limbuli lero mukafunse za Layisoni, anthu akangokuyang'anani kukamwa. Mukati Pserezani, ngakhale wakabaza wobwera dzulo akufikitsani pakhomo panga osafunsanso njira.

Ndikulemba izi chifukwa pamaliro anthu ananama. Abusa anati malemuwa anali munthu wofatsa, wosakonda mikangano. Ndinatsala pang'ono kuimirira, mkazi wanga Eneresi ndiye anandikoka malaya. Wofatsa ndani? Pakamwa pa a Muhariwa panali powawa kuposa tsabola wa kambuzi. Anakangana ndi theka la msika. Koma munthu wa manja ngati amene aja, wa mphuno ngati imene ija, ine sindinamuonepo, ndipo sindikhulupirira kuti Mulanje adzabalanso wina. Sukulu ndinaisiyira panjira, zolemba si ntchito yanga, koma bola ndilembe mokhota zoona kusiyana n'kuti munthuyu atsale m'mawu osalala a pamaliro aja.

Anali wamfupi, wouma ngati phesi la nandolo. Jekete yawo inali imodzi, yobiriwira, ya ku fakitale ya tiyi kumene anagwira zaka zambiri ndi anthu a magetsi, ndipo ankaivala ngakhale mu Okutobala. Magalasi anathyoka mwendo kalekale, anawamanga ndi waya wa mkuwa. Atapuma ntchito anapempha khonde la sitolo ina kuseri kwa msika, n'kuikapo tebulo, benchi ndi kambaula. Makondakitala a maminibasi ankawabweretsera makompyuta akufa ochokera m'tauni, aja akuluakulu a pa tebulo. Iwo kompyutayo analibe nayo ntchito. Ankangofuna chiwalo chimodzi.

Kwa amene simudziwa: m'mimba mwa kompyuta yoteroyo muli bokosi lachitsulo lokhala ndi fani, limene timati pawa sapulayi. Limalandira magetsi a pakhoma n'kuwasandutsa ofatsa, ngati a batire la galimoto. Kumbuyo kwake kumatuluka mtolo wa mawaya ngati matumbo a mbuzi, achikasu, ofiira, akuda, ndi wina wobiriwira, ndipo kunsonga kwake kumakhala timapulagi tosiyanasiyana. Ukagundanitsa wobiriwira uja ndi wakuda, fani imayamba kuzungulira, bokosi ladzuka. Achikasu ndiwo a mavoliti thwelofu, amene tonsefe timawafuna. Ometa tsitsi, otchaja mafoni, a mawayilesi a galimoto oimbira pa ukwati, onse kuno amadya za bokosi limeneli, ndipo amene anayambitsa ndi a Muhariwa.

Chinthu chikabwera patebulo pawo, mita yoyezera magetsi sankaithamangira. Ankayamba ndi mphuno. Ankachinyamula, n'kuchinunkhiza ngati mayi wogula usipa, n'kunena pamene pavuta asanamasule ndi sikuluwu imodzi yomwe. Kenako ankachiyatsa, n'kudikira akumwa tiyi wawo wopanda mkaka, n'kuyamba kugunda polumikiza paliponse ndi kuseri kwa chala, monga mmene amayesera mwana malungo. Pozizira ankadutsa. Pofunda ankaima, n'kukuyang'ana pamwamba pa magalasi, ndipo iwe unkadziwa kuti lero watukwanidwa.

Chomaliza chinali kandulo. Ntchito iliyonse ikatha, ankayatsa kandulo n'kudonthezera phula pa polumikiza paliponse, kadontho kamodzi kotumphuka ngati nyemba. Anthu ambiri ankati ndi mankhwala. Wometa wina wa ku Thuchila, wopemphera kwambiri, anakana kulandira bokosi lake mpaka phulalo lichotsedwe. A Muhariwa anamuthamangitsa ndi tsache, bokosi n'kutsala. Zoona zake zinali zapafupi: mwini chinthu sangakhale ndi chala chawo, ndiye ankamusiyira mlonda. Phula likakhala chitumphukire, zonse zili bwino. Ukalipeza lanyezimira kapena layenderera, ndiye kuti pamenepo payamba kutentha, zimitsa ubwere nacho. Ankati phula ndi mlonda amene sagona ndipo sapempha fodya.

Chiphunzitso chawo chinali chimodzi, ankangochisinthira zovala. Ankati nambala yolembedwa pa bokosi ndi ya bokosilo, si ya waya, si ya pulagi. Ankaloza njinga zobwera ndi chimanga kuchokera ku Mozambiki, n'kunena kuti ngakhale tsidya lija kutadzaza chimanga chotani, chodutsa pa ulalo wa nsungwi imodzi ndi thumba limodzi basi, ukakakamiza lachiwiri mugwera m'madzi nonse. Kapulagi koyera kaja ka mabowo anayi ankati kali ndi waya wachikasu mmodzi ndi dzino limodzi, mapepala amakapatsa maampu opitirira teni, koma iwo sankakasenzetsa kuposa theka lake, chifukwa mano a bokosi lakale amakhala atagwedera ngati a nkhalamba, ndipo dzino logwedera ndilo limatentha. Aja a mabowo sikisi kapena eyiti ankawalemekezako, chifukwa mumakhala achikasu atatu kapena anayi ogawana katundu. Koma kakuda kaphwatalala kaja ka hadi disiki, chosungira zolembedwa m'kompyuta, ankadana nako ngati kanawabera mkazi.

Ndipo chimene chinkawaopsa kwambiri, ankati, n'chakuti bokosi silidziwa kuti pulagi ikupsa. Bokosi limadzizimitsa lokha ukalipitirira mphamvu zake. Koma ukakoka theka la mphamvuzo kudzera pa kadzino kamodzi, lokha limaona kuti zonse zili bwino, fani ikuimba, pamene uko pulasitiki ikusungunuka. Ankati lili ngati bwana wa ku esiteti amene amawerenga makilo a tiyi osaona msana wa wothyola.

Ogulitsa timawaya ndi timapulagi totsika mtengo pa tsiku la msika ankati akaona jekete yobiriwira ija, amayamba kupinda katundu. A Muhariwa ankafika, n'kunyamula kawaya, n'kukasenda ndi chikhadabo, n'kuyatsa machesi pansi pake makasitomala akuona. Wa mkuwa weniweni ankangoda. Wonama, wongopaka mkuwa pamwamba, ankapindika n'kuthothoka ngati tsitsi. Mnyamata wina wogulitsa anawauza kuti, "Adala, mukutiphera bizinesi." Iwo anati bola bizinesi ife kusiyana n'kuti ife tikanyamule ana a anthu m'phulusa, anaponya kawayako pansi n'kumapita, osagula kanthu.

Tsopano za tsiku lija.

Ine ndine mkamwini. Kwathu ndi ku Nkando, koma ndinakwatira Eneresi n'kudzakhala kwawo monga mwa mwambo wathu. Mkamwini wopanda sukulu, wopanda ntchito, amadya nsima akumvetsera mmene mbale ikuikidwira pansi. Khasu sindigwirizana nalo. Ndiye ndinaganiza zoonetsa kuti mutu uwu si wa chipewa chokha. Ndinapeza filiji yakufa, pawa sapulayi, babu la kutsogolo kwa galimoto, fani, ndi kachipangizo koyatsa ndi kuzimitsa babu kutentha kukakwana. Ndinapanga makina oswetsera mazira, ndekha, poonera pa foni. Kwa a Muhariwa sindinapiteko. Ndinkafuna adzaone zitatha, adzasowe chonena.

Apongozi anga, mlongo wawo wa a Muhariwa, anayamba kundiyang'ana ndi diso lina. Anakopa amayi anzawo a ku tchalitchi kuti abweretse mazira awo, ndipo filiji inadzaza. Ulemu wa apongozi unali m'menemo, ukwati wanganso unali m'menemo. Mazira aja akanaola, ndikanangomanga bulangete langa ndekha osadikira kuuzidwa.

Kutatsala pang'ono kuti aswe, kunagwa chiperoni. Phiri linasowa, nkhungu inafika mpaka pakhomo, ndipo babu limodzi linalephera kufunditsa filiji. Ndinawonjezera lachiwiri. Ndinawerenga bwinobwino: bokosi lalemba maampu eyitini, mababu awiri akudya naini. Onse ndinawadyetsa kudzera pa kapulagi kakuda kaphwatalala kaja, chifukwa kankalowa bwino ndipo kankaoneka kaukhondo. Mawa lake masana ndinaitana amayi aja kuti adzamve anapiye akulira m'kati mwa mazira. Chipinda chimene munali filijicho chinali chofunda, ndiye Eneresi anagonekamo mwana wathu Chisomo pa mphasa, pafupi ndi matumba a nandolo ndi makaka a chinangwa.

Tinalimo anthu ambiri m'chipinda muja, aliyense ndi mphuno yake. Palibe anamva kanthu. A Muhariwa ankadutsa pamsewu pa njinga, m'nkhungu, kuseri kwa mpanda. Tinangomva njinga yagwa panja, iwo ali pakhomo.

"Ndani akuphika pulasitiki muno?"

Eneresi anagwada. "Malume, mwaswera bwa..."

"Nyamula mwana. Tuluka naye."

Anadutsa pakati pa amayi aja ngati palibe munthu, anazula pulagi pakhoma. Mababu anazima, fani inaleka kuimba. Anapisa dzanja kuseri kwa filiji osayang'ana n'komwe, ngati anaikako okha, n'kutulutsa kapulagi kanga. Pulayala inalira kawiri. Pulasitiki inawamatirira ku zala, ndinamva fungo la khungu, koma nkhope yawo sinasinthe.

Mutu unandiyaka. Ndinawagwira kolala ya jekete ija.

"Mwapenga kodi, mdala inu? Mazira a anthu azizira!"

"Mayo ine!" anatero apongozi. "Mkamwini wagwira mwini mbumba pakhosi!"

Inde ndinawagwira, ndipo amene akuti akanaseka atamudulira zake pagulu, ameneyo sanapangepo kanthu ndi manja ake. A Muhariwa dzanja langalo sanaliyang'ane. Anangokweza kapulagi kaja n'kukaika pamphuno panga.

"Nunkhiza."

Kanali kapsa mbali imodzi, kofewa ngati phala. Thumba la nandolo limene kanatsamirako linali ndi banga lakuda lokula ngati chikhatho, m'mphepete mukufuka pang'onopang'ono. Mphasa ya Chisomo inali pompo.

"Bokosi lalemba angati?"

"Eyitini."

"Mababu ako?"

"Naini."

"Ndiye ukuti malo alipo, eti, a injiniya? Taona umu. Ukutiona timano titatu iti, toonda ngati minga ya usipa? Kalikonse kamanyamula ampu imodzi ndi theka. Tonse pamodzi, anayi ndi theka, tikakhala tatsopano. Iwe watisenzetsa naini. Ukanapita kukasamba, ukanabwera kudzapeza mbumba yanga ili makala. Chotsa dzanjalo, Pserezani, ndigwire ntchito."

Ndi mmene dzinalo linabadwira. Dzanja ndinachotsa.

Zimene zinatsatira ndimazionabe ndikatsinzina. Anatembenukira amayi aja, amene anali atayamba kulirira mazira awo.

"Amayi inu, munabwera kudzaona anapiye? Lero nkhuku ndinu. Aliyense atenge mazira, aike pamimba, amange chitenje, akhale pansi. Poko-poko, pang'onopang'ono, osagwedeza. Achemwali, tulutsani mabulangete onse."

Mayi Nachisale, a zaka zofanana ndi iwo, anati, "A Muhariwa, ine ndinasiya kubereka kalekale, lero mukundikhazika pa mazira?"

"Khalani chete inu. Thadzi lolongolola limaswa zoola."

"Nanga tambala wake ndi inuyo?"

"Tambala ndi uyu wawotcha khola."

Anaseka, anakhala. Amayi akuluakulu, a ulemu wawo, ali ndondondo kutsamira khoma, mimba zatupa ndi mazira, mabulangete mpaka m'khosi. Ndipo pakati pawo nkhalamba ija inagwada pansi, zala ziwiri zokulunga ndi kansanza, n'kutulutsa zida m'matumba a jekete ngati munthu amene anadziwa kuchokera m'mawa kuti akumana nazo. Chitsulo chawo chowotcherera mtovu anachiika pa makala a mbaula ya apongozi. Anadula timapulagi tonse pa bokosi lija, kuti tsa, tsa, tsa, ngati akusadza tiyi. Anasonkhanitsa achikasu onse, anawasenda, anawapota pamodzi, anawamwetsa mtovu, n'kuwamanga pa bawuti imodzi. Akuda anachita nawo chimodzimodzi.

"Akudawa mumawaiwala," anatero osandiyang'ana. "Katundu wopita ndi wachikasu amabwerera ndi wakuda. Njira yobwerera ikachepa, ipsa imeneyo."

Kuchokera pa mabawuti aja anakoka waya wonenepa wa galimoto, n'kuikapo fyuzi, amene anati ndi mwana wopereka nsembe, afe iye kuti nyumba itsale. Manja aja sankathamanga, koma sankabwerera pamene adutsa. Panalibe waya amene anamugwira kawiri. Ine ndinaima pakhomo, ukali usanandithere, koma maso anakana kuchoka. Ndinaonapo anthu akuvina tchopa mpaka fumbi kuphimba dzuwa, koma sindinaonepo thupi la munthu likudziwa ntchito yake ngati zala zopsa zija.

Anabwezera pulagi pakhoma. Fani inaimba, mababu onse awiri anayaka. Anadikira, anagunda mabawuti ndi kuseri kwa chala, anapempha kandulo, anadontheza phula. Kenako anauza amayi kuti abweze mazira mmodzimmodzi. Atafika Mayi Nachisale, anamasula chitenje n'kukuwa.

"Ambuye anga! A Muhariwa, taonani kuno!"

Dzira lina linali litaboola, kamlomo kachikasu kali panja, kakulira pamimba pawo. Amayi analuluta. A Muhariwa anangoti, "Ndiye mumati munasiya kubereka," anatola njinga yawo n'kulowa m'nkhungu, kapulagi kanga kali m'thumba.

Anapiye anaswa, ochepa okha ndiwo anatsalira. Koma mlandu wa kolala unalipo. Apongozi anaitana abale, ndipo mawu anali amodzi: mkamwini wogwira mwini mbumba pakhosi, amene watsala pang'ono kuwotcha mdzukulu, anyamule bulangete lake abwerere ku Nkando. Eneresi ankalira kukhitchini. Ine ndinali nditauma khosi, kupepesa ndinakana. Onse anayang'ana a Muhariwa, poti mawu omaliza anali awo. Iwo anali akusenda kawaya ndi chikhadabo, ngati nkhaniyo ndi ya kwa aneba.

"Asachoke," anatero. "Akapita ku Nkando akawotcha kwa eni, kumene kulibe ine. Munthu wopanga makina ndi filiji ya kudzala si wotaya. Ndi waya wabwino, wangosowa fyuzi. Za kolalazo, jekete ndi yanga, sinadandaule."

Mlandu unathera pomwepo. Mwina mukuti ndiye ndikanawathokoza. Dikirani mumve zimene anachita ndi kapulagi kaja.

Anakasandutsa buku lophunzitsira. Aliyense wobwera pakhonde paja ndi maganizo odyetsa chinthu chachikulu kudzera pa kadzino kamodzi, iwo ankapisa m'thumba, n'kukaika patebulo, n'kunena kuti ameneyu ndi Pserezani, mkamwini wanga, mupatseni moni. Nkhani yonse ankaifotokoza, ndi amayi okhalira mazira omwe. Anyamata a mafoni anayamba kunena kuti chaja yachita Pserezani. Ana a sukulu ankandikuwa ndikamadutsa. Ngakhale Chisomo atayamba kulankhula, tsiku lina anafunsa amake ngati iyenso ndi wa kwa Pserezani.

Ndinapitako kangapo kukakaitanitsa. Ulendo wina ndinamenya tebulo mpaka masikuluwu anadumpha.

"Malume, bwezani kapulagi kanga. Mwandinyoza mokwanira."

"Kako? Unakapanga ndiwe?"

"Ndinakagula ndine!"

"Unakapha ndiwe. Ine ndinangotola maliro." Anakapukuta ndi mkono wa jekete ngati ndi wotchi ya golide. "Aka katembenuza anthu ambiri kuposa abusa a pa Limbuli onse pamodzi. Ndidzakubwezera tsiku limene ndidzalowe kwako n'kutuluka osapeza chokonza."

Ndipo ankabweradi, osaitanidwa, osaodira. Ndikamanga makina atsopano, mawa lake njinga ili pampanda. Ankalowa, kununkhiza, kugunda apa ndi apo ndi kuseri kwa chala. Nthawi zonse ankapeza kanthu: bawuti yosamanga bwino, waya wodutsa pa mpeni wa chitsulo, fyuzi yokula kuposa waya amene ikumuteteza. Ankakonza osalankhula, n'kutuluka. Ine ndinkatsala ndikutukwana, kenako usana wonse ndinkakhala ndikuyang'ana pamene agwirapo. Anthu amati a Muhariwa anandiphunzitsa ntchito. Sanandikhazikepo pansi ndi tsiku limodzi lomwe. Ndinaphunzira pofuna kuwatseka pakamwa.

Ulendo womaliza anabwera pa kabaza, njinga atasiya kupalasa. Jekete inkaoneka ngati yobwereka. Pamenepo n'kuti ndili ndi chipinda changachanga cha njerwa, makina anayi, anthu akubwera kudzagula anapiye kuchokera ku Thuchila ndi tsidya lina la malire. Analowa atagwira khoma. Ananunkhiza. Anayenda makina onse, polumikiza paliponse, chala chikunjenjemera mpaka chifike pa chitsulo, chikafika n'kudekha. Madontho anga a phula anali chitumphukire, ena mpaka atachita fumbi. Anabwereranso poyamba, n'kuyambiranso. Ine ndili chiimire, manja kumbuyo, ngati mwana wa sukulu imene ndinaithawa ija.

Anaima pakhomo nthawi yaitali. Dzanja linalowa m'thumba. 

"Fani iyo ili ndi fumbi," anatero. Dzanja linatuluka lopanda kanthu. "Eneresi, ndipatse madzi akumwa."

Ndinalowa m'chipinda n'kumenya chitseko mpaka anapiye anakhala chete. Sindinawaperekeze. Ndinawaonanso ali m'bokosi la maliro.

Dzana ndinadutsa kuseri kwa msika. Tebulo anatenga ana awo, benchi kulibe. Pakhoma patsala misomali imene ankapachikapo mawaya, mtundu uliwonse msomali wake, ndi mwaye wa kambaula wokwera mpaka kudenga. Pansi pamene panali tebulo simenti yake ndi yoyera kuposa pena ponse, ndipo mozungulira pamenepo pali phula. Madontho pamwamba pa madontho, a zaka ndi zaka, oyera, otuwa, akuda, ataundana ngati chulu chaching'ono. Mwini sitolo anayesa kupala ndi fosholo, anangochotsa pang'ono n'kusiya. Palibe amene waikapo bizinesi. Ndili pompo panafika bambo wina pa njinga, pawa sapulayi atamanga pakaliyala ndi mphira. Anaima, anayang'ana misomali ija, anayang'ana pansi, anavula chipewa. Kenako anandifunsa ngati ndikudziwa kwa a Pserezani, poti anamva kuti ntchito zoterezi tsopano zimapita kumeneko.

Koma mawu anga ndinawauza, pamaso pawo penipeni. Tsiku la maliro, nthawi yoona nkhope itayandikira, akazi awo, aNangondo, anandiitanira kuseri kwa nyumba. Anamasula mfundo ya chitenje n'kundiika kanthu m'dzanja. Kanali katasalala ndi kugwiridwa, kupsa kuja kukuoneka ngati kwa dzulo.

"Anati ndikupatseni," anatero. "Tsiku lija anabwera kwanu pa kabaza, anafika kuno akuseka okha. Anati, mwana uja ndamuyendera kawiri konse, sindinapeze kanthu."

"Nanga za fumbi zija?"

"Anati anachita kupeka. Anati thumba likanapepuka, akanayenda chopendekeka."

Ndinakafumbata mpaka kanandilasa m'chikhatho. Zaka zonse zija ndinkalota tsiku limeneli, ndipo ndinkadziwa chochita: kukaphwanya ndi hamala, kukaponya m'chimbudzi. Ndinalowa pa mzere. Amayi ankaimba. Anali atawaveka jekete yobiriwira ija, poti anakana suti ali moyo. Nditafika pa bokosi ndinaima, mzere unaima kumbuyo kwanga, wina anandigwira phewa kuti ndiyende, ndinamukutumula. Ndinawerama, ndinatsegula thumba la jekete, ndinabwezeramo kapulagi kaja, n'kutseka batani. Ndipo sindinanong'one, anamva onse, ndi abusa omwe.

"Malume, munandichititsa manyazi pamaso pa mkazi wanga, ndipo sindinaiwale. Koma nyumba ija ilipo, Chisomo uyo waima apoyo. Tengani kanthu kanu, muyende mowongoka. Mukafika uko muwaonetse amene mukawapeze, nkhani yonse muwauze, ya amayi okhalira mazira yomwe. Koma mukamatchula mwini wake, kamodzi kokha, mukanene kuti Layisoni."